Dzina Langa Linakhoza Folomu 4, Ine Ndili pa Kabaza

Amene anandilakwira ndi amalume anga a ku Nathenje, mlongo wawo wa malemu mayi anga, bere limodzi. Anatenga dzina langa n'kupatsa mwana wawo, kenako anatenga chiphaso changa cha unzika mondinamiza, pomaliza anatenganso imfa ya makolo anga n'kukailemba pa fomu. Koma ndisakunamizeni inu owerenga, nanenso ndili ndi mbali yanga, ndipo ndi imene ikundisowetsa mtendere. Dzinalo ndinapereka ndekha, ndi pakamwa pangapa. Pano sindilitchula, chifukwa mpaka lero sindikudziwa bwinobwino ngati likadali langa.

Bambo anamwalira ndili wamng'ono, mayi anatsatira ndili sitandade 5. Amalume ndi amene ananditenga. Ndinakulira limodzi ndi mwana wawo Lameki, msuweni wanga, wamsinkhu umodzi ndi ine. Mphasa imodzi, mbale imodzi. Tinkasiyana m'kalasi mokha. Iye ankangodutsa, ine ndinkabwereza. Pamene ndimafika sitandade 8, iye n'kuti atalemba kale mayeso a kalasi imeneyo kawiri. Kukhoza ankakhoza ndithu, koma kusankhidwa kupita kusekondale ayi.

Sukulu ndinasiya chifukwa cha mtima wanga wapachala. Tsiku lina ndinachedwa chifukwa ndinayamba ndathirira nazale ya fodya ya amalume. Mphunzitsi anandipatsa chilango chokumba dzenje la zinyalala lofika m'chiuno. Ndinakumba mpaka m'maondo, iwo n'kubwera n'kunena kuti kadzenje kameneko n'kobzalamo nthochi. Atsikana anaseka. Ndinaponya khasu, linakagwa pafupi ndi mapazi awo, ine n'kutuluka pageti. Sindinabwererenso.

Amalume sanandikakamize kubwerera. Patatha sabata, tili ku nazale komweko, anangondifunsa kuti, "Iwe, dzina lako lija kusukulu ukulifunabe?"

Kwathu anthu ambiri amakhulupirira kuti mwana akalemba mayeso a sitandade 8 kawiri katatu ndi dzina lomwelomwelo, osankha ana amamuzindikira n'kumamudumpha. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, sindikudziwa. Koma n'chifukwa chake ena amakabwereza kusukulu ina ndi dzina latsopano. Ine n'kuti mkwiyo wa dzenje lija usanathe, ndipo ndinayankha kuti, "Tengani. Nditani nalo, ndidye?"

Basi, anakatenga kalata yosamukira kusukulu ina m'dzina langa, n'kumupititsa Lameki kusukulu ina ya kufupi ndi Diamphwe kumene sankamudziwa. Chaka chimenecho dzina langa linasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Pakhomo panaphedwa nkhuku ziwiri, nanenso ndinadya nawo, ndikuseka.

Pambuyo pake ndinasamukira ku Mitundu. Ndinayamba kabaza wa njinga yakapalasa, kenako bwana wina anandipatsa yamoto. Itafika nthawi yolembetsa ziphaso za unzika, ndinalembetsa dzina langa lenileni. Lameki analembetsera kumudzi ali pa holide, ndipo poti omuchitira umboni ankamudziwa kuti ndi Lameki, chiphaso chake chinatuluka ndi dzina la Lameki. Ndiye onani: satifiketi zake zonse zili m'dzina langa, chiphaso chake chili m'dzina lake. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaona vuto pamenepo.

Lameki anakhoza bwino kwambiri folomu 4 ndipo anasankhidwa kupita kukoleji ya boma. Ndinamva pafoni, ndinasangalala, mpaka ndinauza anzanga pasiteji ya kabaza kuti kwathu kwatuluka munthu.

Tsiku lina la msika amalume anatulukira ku Mitundu. Anandigulira chipisi, zimene sanachitepo chibadwire changa. Anati kumudzi akulemba maina a anthu oti adzagule feteleza wotsika mtengo, ndipo poti kamunda ka mayi kadakali komweko, ndiwabwereke chiphaso masiku awiri okha. Ndinawapatsa osaganiza kawiri.

Masiku awiri anasanduka masabata atatu. Ndikaimba, ankati mawa. Kenako foni yanga inabedwa, ndipo kuti ndibwezeretse nambala yanga, imene makasitomala amandiimbirapo, pankafunika chiphaso. Ndinaliza njinga mpaka ku Nathenje. Amalume kunalibe, anali ku maliro mudzi wina. Lameki anandipatsa envelopu n'kunena kuti chiphaso chili m'menemo. Pochisolola chinatuluka pamodzi ndi mapepala a fotokope olembedwa m'Chingerezi.

Chingerezi chimandivuta, koma dzina langa ndimalidziwa, nambala ya chiphaso changa ndimaidziwanso. M'munsi mwake munali dzina la bambo anga ndi la mayi anga, ndipo pambali pa dzina lililonse panali mawu amodzi ofanana. Ndinamufunsa Lameki tanthauzo lake. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Akuti omwalira."

Kenako anandifotokozera. Inali fomu yopempha thandizo la boma lolipirira ophunzira osowa kukoleji. Dzina la pa fomu limayenera kufanana ndi la pa satifiketi komanso la pa chiphaso, n'chifukwa chake anafuna changa. Ndipo amalume ataona kuti mwini chiphasoyo ndi mwana wamasiye, anati zakhala bwino, alembe momwemo, mwayi ukhala waukulu. Fomu yeniyeni anali atakaipereka kale.

Sindinadikire kuti amalize. Ndinamukankha, anakagwera pa mulu wa njerwa, ine n'kunyamula mapepala aja kubwerera ku Mitundu.

Pasiteji, nditawafotokozera anzanga, m'pamene mutu wanga unazungulira kwenikweni. Mnzanga wina anati, "Aise, ndiye kuti iweyo ndi wa folomu 4! Gula jekete upite wekha kukolejiko." Onse anaseka, n'kuyamba kunditchula kuti adokotala. Wina anati ndikangokhala chete, tsiku limene zidzaululike apolisi adzayambira kwa mwini chiphaso. Wina anati ayi, ndikangolankhula ndi pamene andimange. Wachikulire wina amene amakonza matayala pafupi nafe anati ndidikire amalume abwere ku maliro, tikhale pansi ngati banja. Ameneyo yekha ndiye analankhula zanzeru, ndipo ameneyo yekha ndi amene sindinamumvere.

Kunena zoona inu owerenga, sindikudziwa chimene ndinkafuna pamene ndimapita mumzinda m'mawa mwake. Mwina ndinkafuna kudziyeretsa. Mwina ndinkafuna kuti amalume achite manyazi. Ndiululenso ichi: penapake mumtima ndinkaganiza kuti poti mapepala onse akunena ine, mwina thandizolo likhoza kukhala langa, andilipirire kaya sukulu ya umakaniko. Mutu wa munthu wokwiya umakhulupirira zilizonse.

Ndinafunsira mpaka ndinapeza ofesi imene inalembedwa pamwamba pa fomuyo. Ndinalowa ndi chipewa cha njinga m'manja, n'kuyala nkhani yonse kwa mayi wina amene anali pa desiki, mokweza mawu ngati ndi iwo anandilakwira. Anandisiya mpaka nditatopa, kenako anayamba kundifunsa mmodzimmodzi.

"Analemba mayeso a folomu 4 ndani?"

Ndinati Lameki.

"Dzina lili pa satifiketi ndi la ndani?"

Ndinati langa.

"Wamasiye ndani?"

Ndinati ine.

"Nanga akupita kukoleji ndani?"

Ndinati Lameki. Kenako ine ndinafunsa langa, kuti ndiye woyenera thandizoli ndi ndani pakati pa awirife. Mayi aja anavula magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, pamapepala awa pali munthu mmodzi, koma munthu ameneyo kulibe. Theka lake ndi inu, theka lake ndi msuweni wanu. Boma silingalipirire theka la munthu."

Anandiuzanso zina ziwiri. Choyamba, anati thandizolo si la ana amasiye okha, ngakhale mwana wa mlimi amene makolo ake ali moyo akhoza kupempha akanena zoona za m'mene pakhomo palili. Chachiwiri, anati nkhani ya maina osiyana si yachilendo kwa iwo, ndipo Lameki akanabwera yekha poyamba n'kufotokoza, akanamulozera koyenera kukayambira, ngakhale kuti njira yake ndi yaitali ndipo sangalonjeze kuti ikanatheka. Koma tsopano zinali zitalembedwa zabodza n'kusainidwa, ndipo ine ndinali nditaziulula pamaso pa anthu onse mu ofesimo. Anakatenga fayilo ya fomu ija n'kuiika payokha. Anatenganso nambala ya chiphaso changa, akuti mwina adzandifuna, poti chiphasocho ndinapereka ndekha.

Ndinatuluka osadziwa ngati ndapambana kapena ndaluza. Mpaka lero sindikudziwa.

Anzake a Lameki atapita kukoleji, iye anatsala. Thandizo sanapatsidwe, ndipo nkhani ya dzina itafika kukolejiko anamuuza kuti adikire kaye mpaka zitalongosoka. Akudikirabe. Pano amathirira nazale yomwe ija imene ndinkathirira ine.

Ndinakumana naye pa Nathenje ndikutsitsa kasitomala. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinali nditakonzeka kubweza. Koma anangoti, "Msuweni, zaka zonsezi akamaitana dzina lako m'kalasi ndinkayamba ndayang'ana kumbuyo ngati walowa. Ine sindinalipemphe. Ndinali mwana ngati iwe." Chigongono chake chinali chikadali ndi chipsera cha njerwa zija. Ndinangoliza njinga n'kumapita.

Ndiye inu owerenga, makamaka makolo amene muli ndi ana a sitandade 8, musamusinthe mwana dzina pofuna sekondale. Lero zioneka ngati zatheka, koma tsiku likubwera limene adzafunsa chiphaso, ndipo adzafunsa pa khomo limene mwanayo akulifunitsitsa. Ngati munasintha kale, pitani nokha msanga mukafunse kokonzera, musadikire fomu. Anyamata anzanga, chiphaso musabwereketse, ngakhale kwa amene anakulerani, osaona ndi maso anu chimene akukalemba. Ndipo ngati mtima wanu uli ngati wanga, mukapeza chinthu chokupsetsani mtima, yambani mwakhala pansi ndi munthu mmodzi wamkulu. Ine ndinaponya khasu ndili mwana n'kutaya sukulu yanga. Ndakula, ndaponyanso mapepala n'kugwetsa sukulu ya munthu amene sanandilakwire.

Amalume ndinakumana nawo patapita miyezi iwiri, pamene akuluakulu a banja anatiitanitsa kumudzi. Analankhula nthawi yaitali. Anati ndine wansanje, anandilera ngati mwana wawo, ndawabweza ndi chipongwe. Anati dzina ndinapereka ndekha ndipo mboni ndi nazale ija. Anati makolo angawo anapita kale, kulemba maina awo papepala kukanawapweteka chiyani. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinaponye kanthu. Ndinadikira mpaka amalize, kenako ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti:

"Amalume, za Lameki ndalakwa ndine, ndipo ndidzamunyamula pa njinga yanga ofesi iliyonse imene angamutume mpaka dzina lake libwerere. Dzina langa ndinakupatsani ndekha, sindikukana. Koma maliro a mayi anga sindinakupatseni. Anali mlongo wanu, munawanyamula nokha kupita kumanda. Zoti mukawadzutse kuti akakusainireni fomu, munapempha kwa ndani?"