Miyala ya Alamu Anga pa Ng'anjo

Alamu anga anakhuthula thumba pafupi ndi ng'anjo, nati ndiwotche.

Ndinali pakati pa ntchito. Ine ndimaumba mapoto, kuseri kwa msika kuno ku Mangochi. Ndimasungunula mapisitoni akutha ndi zitini, n'kuthira m'chikombole cha mchenga. Ndinasiya kupukusa gudumu la mvukuto, n'kuyang'ana pansi. Inali miyala yotuwa, ya timibulu tachikasu tonyezimira.

Anati ndi golide. Anaitola m'phiri lina cha ku Chiponde, kumene amalembera anthu mapepala a katundu pachipata cha m'malire. Munthu wa Folomu 4, wa nsapato zopolisha. Chikhatho chake sichinatulukepo thuza. Anatulutsa foni n'kundionetsa azungu akuthira golide wamadzi m'chikombole. Anati nkhani ndi moto basi. Moto ukakwana, mwala umatulutsa golide ngati mmene nyama imatulutsira mafuta.

Chemwali wanga, mkazi wawo, anaima kumbuyo kwawo. Ndinamupatsa benchi, sanakhale.

Chimene anabwerera ndinkachidziwa. Sabata ziwiri m'mbuyomo alamu anandiuza kuti akufuna kugula malo aja a m'phiri, ndipo agulitsa injini ya boti. Injiniyo anasiya ndi malemu amalume athu, anasiyira chemwali ndi ana ake. Alovi, asodzi aganyu, amapita nayo panyanja, usipa ukabwera chemwali amayanika pathandala. Ana amadya pamenepo, amavala pamenepo. Mbumba ndimayang'anira ndine. Mkamwini sagulitsa cha pamudzi popanda mawu anga. Ndinakana. Ndiye tsiku limeneli anabwera ndi umboni m'thumba.

Golide ine ndimamudziwa. Ndinataya zilimwe ziwiri ku Makanjira, matope mpaka m'chiuno. Golide sadzionetsera chonchi ngati mkwatibwi. Umasinja mwala, umatsuka m'beseni tsiku lathunthu, mchenga wopepuka n'kumapita ndi madzi. Pansi pamatsala kafumbi kosadzaza ngakhale chikhadabo. Umathirapo mekyule, mankhwala aja oyenda ngati madzi koma olemera kuposa mtovu. Iye amagwira golide, mchenga n'kuusiya. Umafinya m'kansalu, kambulu kotsalako n'kuwotcha pasupuni. Mekyule amapita ndi utsi, golide amatsala. Mnzanga amene ankawotcha uja lero sanyamula kapu ya tiyi osataya. Manja ake sakhazikika. Zimenezo foni ya alamu sinanene.

Sindinawauze zonsezi. Wa Folomu 4 samvera wa Sitandade 5.

Ndinatola mwala umodzi, ndinagumula kambulu kachikasu, ndinakaika pachidutswa cha njanji. Hamala kamodzi. Golide ukammenya amaphwatalala, sasweka. Aka kananyenyeka ngati mchere. Alamu anati ndamenya mwankhanza.

Ndinatenga kapu yadothi yosweka, n'kukhulapo kambulu kena kunsi kwake kokhakhala. Golide amasiya mzere wachikasu. Apa panatuluka mzere wakuda. Alamu anati kapuyo ndi yosatsuka.

"Wotchani basi, alamu," anatero. "Zoyesa zakumudzizi n'zimene zikutisaukitsa."

Ndinawotcha. Ndinasinja miyala yodzaza manja awiri, ndinaika m'chibekete chimene ndimasungunulira, ndinaunjika makala okwana mapoto atatu. Ndinawauza kuti apukuse okha gudumu, poti golide ndi wawo. Anavula jekete, anaipinda bwinobwino, anapukusa. Posakhalitsa anayamba kusintha dzanja.

Kenako utsi unabwera. Fungo la machesi pamene wangokhwatcha, koma ngati wayatsa katoni yonse. Limakanda kukhosi, maso n'kumatuluka madzi. Telala wa pafupi nane anatulutsa mutu pazenera, nafunsa ngati ndayamba kuphikira anthu Jahena asanafe. Anasamutsira makina ake kutsogolo kwa golosale, akutukwana m'Chiyao. Alamu anatseka mphuno ndi kampango, akutsokomola, nati zimenezo ndi zonyansa zikuchoka, golide akuyera. Chemwali anasendera patali, maso pansi.

Tinadikira mpaka makala anasanduka phulusa. Ndinapana chibekete ndi mbaniro, ndinakhuthulira pamwala. Sipanayende kanthu kamadzi. Panagwa zibulu zakuda, zina zofiirira ngati dzimbiri. Kunyezimira konse kunali kutapita.

Alamu anagwada, thalauza lawo lakuofesi m'phulusa, kufunafuna ndi kamtengo. Anati golide wabisala m'kati.

Ndili ndi maginito amene ndinachotsa ku sipika ya wailesi yakufa. Ndimasankhira zitsulo, kuti chitsulo chisalowe mu aluminiyamu wanga. Zitazizira, ndinawayendetsa pamwamba. Fumbi lakuda linalumpha lokha n'kukakamira, ngati ndevu.

"Golide sakwera maginito, alamu. Mwala wanuwu ndi chitsulo ndi sulufule. Sulufule ndi amene mwapumayu. Chatsalachi ngakhale msomali simungasule."

Anaimirira, akupukuta maondo. Anati ng'anjo yanga ndi yophikira mapoto, moto wake ndi wa ana. Anati ku Joni kuli makina amene amatulutsa golide m'mwala womwewu. Anati vuto la anthu osaphunzira ndi nsanje: mnzawo akangotsala pang'ono kutukuka, iwo amatulutsa maginito.

Nkhani yanga sinali ndi iwo. Ndinatembenukira kwa mlongo wanga.

"Chemwali, waona wekha. Injini isachoke pamudzi."

Anakonza mpango kumutu, ngakhale unali bwinobwino.

"Achimwene, injini inapita Lachisanu."

"Inapita kuti?"

"Anabwera munthu wa ku Monkey Bay, anthu atangotuluka ku mzikiti. Anaikweza pagalimoto."

"Unavomera iwe?"

"Alamu anu anati mukaona golide ndi maso anu mudzavomera. Ndiye tinati tingotsogoza."

Lachisanu. Masiku anayi boti lili pamchenga, thandala lili mbee, ine ndikuumba mapoto osadziwa kanthu. Makala anga ndinawotcha chabe, ndi khosi la telala lomwe. Mlandu unali utatha ndisanayatse moto.

Ndinayang'ana alamu. Anali atagwadanso. Ankatola zibulu zakuda zija chimodzichimodzi, n'kumaika m'kampango kawo koyera. Anamanga mfundo ziwiri, mosamala, naika m'thumba la jekete. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa wina wa ng'anjo yaikulu ku Blantyre.

Ndinaika maginito pabenchi. Ndinavula epuloni, ndinaikoleka pamsomali. Chikombole chinali chikudikira, aluminiyamu ataumira m'chibekete china. Ndinazisiya. Chemwali anandiitana kawiri. Ndinadutsa pa makina a telala, ndinatulukira kumsewu wa kumlatho, n'kumapita mkwiyo usanandilankhulitse zoipa.