Mankhwala Omwera pa Njala

Bambo anga anadwala khansa ya m'magazi, ija yoyenda pang'onopang'ono. Kwa zaka ankamwa mapiritsi awo n'kumapitabe kukagulitsa nsapato za salaula, zija zovalidwapo kale, kumsika wa Chawama. Kenako mapiritsiwo anasiya kugwira. Mimba inatupa chakumanzere, thupi linatha, ndipo adokotala anati matenda akula.

Anatifotokozera za mankhwala awiri. Oyamba amamwa kamodzi patsiku, kaya wadya kaya sunadye, koma anthu ena amawadzaza madzi m'chifuwa. Achiwiri amamwa m'mawa ndi madzulo m'mimba mulibe kanthu, chifukwa ukamwera pa chakudya amalowa m'thupi mopitirira n'kusokoneza mtima. Bambo anakulira kuphwanya miyala ku Misisi, mapapo awo anali otopa kale. Adokotala anasankha achiwiriwo, ndipo za chakudyazo anandibwerezera mpaka makutu kuwawa.

Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, kuchoka mbandakucha, kubwera dzuwa litalowa. Choncho azakhali, achemwali awo a bambo, anabwera kuchokera ku Chazanga kudzadwazika. Ndinawafotokozera zonse nditagwada.

"Namvela," anatero azakhali. "Ine ninayamba kusunga bodwala iwe ukalibe kubadwa."

Kwathu kukomboni kuli lamulo limene ngakhale mwana amalidziwa: mankhwala samwera pa njala, ngakhale kapiritsi ka mutu. Azakhali anaona kuti adokotala ndi ine tangosokonezeka mitu. Ndikangotuluka, ankaphika phala la nsinjiro, n'kuwonjezera zitumbuwa zamafuta, mapiritsi pamwamba. Bambo, munthu wosatsutsa mkulu wake, ankangomeza. Amayi oyandikana nafe ankadziwa, ndipo ankawayamikira azakhali kuti ndiwo odziwa kusamala. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiuza, ndipo zimenezo zimandinyansa mpaka lero.

Tsiku lina bambo anagwa pakhomo atagwira pamtima. Kuchipatala, adokotala atawapima, anafunsa mmene amamwera mankhwala. Ndisanatsegule pakamwa, azakhali anayankha monyadira.

"Sanamwepo pa njala olo siku imozi, ba dokota. Uyu mwana enze kufuna kupaya batate bake na njala."

Adokotala anangotseka maso. Mtima wa bambo unali utavulala, sakanapitiriza mankhwalawo. Anawapatsa oyamba aja, amene tinkawathawa.

Magazi anayamba kukhala bwino, koma chifuwa chinadzaza madzi. Bambo anasiya kugona chogona, ankagona chokhala pampando, akupuma ngati munthu wokwera chitunda ndi thumba la makala. Kuchipatala ankawapopa madziwo, patapita masabata n'kubwereranso. Anamwalira nthawi ya mvula, matope ali thapsa m'njira zonse za Chawama.

Pamaliro ndinapatsidwa ntchito yosambitsa anthu m'manja. Nditalowa m'nyumba ndi jagi ndi beseni, ndinapeza azakhali ali pakati pa amayi, akuyerekeza mankhwala aja ngati akusankha tomato.

"Yaja yakumwa kabili pa siku yenze na mphamvu maningi, yanamugwesa. Yaja yosilizila yanamufaka manzi mu chifuba. Vonse ni vimozimozi, vinthu va bazungu. Koma mubale wanga sanafe na njala, ninamudyesa ine."

Amayi onse anavomera ndi mitu. Ine ndinkafuna kutaya beseni lija n'kunena zonse. Koma pamaliro mwana satsutsa mlongo wa malemu. Azakhali anatambasula manja osandiyang'ana n'komwe, ndipo ine ndinagwada n'kuwathira madzi.