Ndinayamba ine kulawa vinyo wa mlendo

Ntchito ya pa loji ina ku Senga Bay ndinkaifuna ndi mtima wonse. Anandilemba mondiyesa kaye, ndipo a manejala ananena poyera kuti ndikalakwitsa kamodzi ndibwerera kwathu ku Lifuwu.

Masana ena kukutentha koopsa, kunabwera mayi wachikulire wa ku Spain. Anaitanitsa nyama yambuzi ndi vinyo wofiira wa kwawo, wa ku Rioja. Ndinatsegula botolo bwinobwino, n'kuthira pang'ono m'galasi. Kenaka ndinamwa ineyo.

Nanga ndikanatani? Kwathu wopereka chakumwa amayamba ndi iye, kuti mlendo aone kuti mulibe mankhwala. Palibe anandiuza kuti kwa azungu amayamba kulawa ndi mlendo. Nditatsitsa galasi ndinaona a manejala ataima pakhomo, manja ali kumutu. Mayo ine! 

Mayi aja anafunsa chifukwa chake, ine n'kufotokoza m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Popeza walawa, undiuze. Akukoma bwanji?"

Mumtima ndinati ntchito yapita kale, bola ndinene zoona. Ndinawauza kuti ndi wofewa, akununkhira thabwa latsopano, ndipo amatsika pakhosi mwaulemu. Maso awo anawala. Anati opanga ake amamusunga nthawi yaitali m'migolo yamatabwa, sathamanga naye. Eee, ndinamva kukoma! Mphuno yangayi, yozolowera usipa, yanunkhiza mgolo wa kutsidya kwa nyanja?

Apo mayi aja anatuma a manejala, a manejala enieniwo, kukatenga botolo lina kuchipinda kwawo. Vinyo wake anali wakuda bii. Mayiwo anati ndi wa ku Toro, ku Spain komweko, kumene dzuwa limawotcha mphesa ngati kuno. Nditamwa, lilime linauma gwa, ngati ndaluma nthochi yosapsa. Pambuyo pake m'pamene kunabwera kutsekemera kwa zipatso, kochedwa koma kochuluka.

"Nanga uyu?"

"Uyu ndi wamwano, mayi. Amayamba wakukalipira, kenaka n'kukupatsa zabwino. Koma pa mbuzi yanuyi, tengani yemweyu."

Mayi aja anatembenuza botolo lija m'manja. A manejala anandiyang'ana moti ndinayamba kumasula epuloni.

"Anapanga ndi mchimwene wanga," anatero mayiwo. "Anamwalira chaka chatha. Anali choncho ndendende."

Anandikokera mpando, n'kuthira magalasi awiri. Ndinayang'ana a manejala, pakuti wantchito sakhala pa tebulo la alendo. Iwo anakanda kumutu, n'kuloza mpandowo ndi chibwano.

"Khala, iwe. Ndipo mawa ulawirire, ndikuphunzitse mabotolo enawo."

Ndinakhala mwachimwemwe, maso ali jenjenje ndi misozi ya munthu amene sindinamuonepo.