Chopanira chili m'kabati, madzi ali m'siling'i

Ndili m'chaka chachitatu pantchito ya mapaipi pa sukulu ina yogonera konko ku Domasi, anthu ena akufuna kwabwino anatiikira magiza otenthetsa madzi ndi dzuwa pa hositelo ya atsikana. Pochoka anatisiyira chida chomwe tinangochitcha chopanira. N'cha batire, kukula kwake ngati dirilo. Umalowetsa paipi ya kopa m'cholumikizira chake, n'kugwiritsa ndi mano a chidacho, n'kudina batani. Chimalira pang'ono, basi chapana. Sipafunika moto kapena mtovu wowotcherera.

Ndinachigwira kawiri kokha, tsiku lotiphunzitsa. Akuluakulu a sukulu anati n'chinthu chofunika kusamala, chikakhale kusitolo yosungira katundu wa sukulu. Chinalowa m'kabati yachitsulo, ndipo kiyi anali ndi bambo a kusitolo, munthu wofatsa koma yemwe sankatulutsa ngakhale msomali popanda fomu.

Lachisanu lina mu Juni paipi yotsika pagiza inang'ambika pokhota. Madzi anadutsa m'siling'i n'kunyowetsa matiresi a ana a Fomu 2. Ndinakwera m'denga ndi madala amene anandiphunzitsa ntchito, omwe anali atatsala pang'ono kupuma. Tinatseka valuvu, koma inali yakutha, moti madzi ankabwerabe pang'onopang'ono. Aliyense wa mapaipi amadziwa kuti mtovu sugwira paipi yonyowa.

Madala anaitanitsa buledi kukhitchini n'kumukanikizira m'paipi kuti atseke madzi kwa kanthawi. Anayatsa moto. Mtovu unayamba kusungunuka, kenaka madzi anapyola buledi uja, zonse n'kuzizira.

"Madala, chopanira chija chimagwira ngakhale paipi ili yonyowa," ndinatero.

"Achemwali, ine ndinayamba kuwotcherera inu musanabadwe. Gwirani tochi."

Anayesa kachiwiri, kachitatu. M'dengamo munali fungo la ndowe za mileme, ndipo thabwa la pafupi linayamba kufuka utsi, ine n'kulizima ndi chisanza chonyowa. Apo madala anazimitsa moto, osandiyang'ana.

"Katengeni chinthu chanucho."

Kusitolo ndinapeza loko. Mlonda anandiuza kuti bambo aja apempha tsiku, ali kwawo ku Malemia, akupuntha mpunga. A basala anati kiyi wina palibe, ndipo kuthyola loko ndi mlandu. Foni ya bambowo sinkapezeka. Ndinabwereka njinga ya mlondayo, n'kupalasa ndili mu ovolosi yonyowa.

Ndinawapeza pabwalo, mpunga uli mbwee pa tenti. Anandipatsa mpando, n'kufunsa za ana anga mmodzimmodzi. Nditafotokoza, anapukusa mutu mwachisoni.

"Amayi, kiyi ameneyu sindingapatse munthu. Ndibwera ndekha. Ndingosamba kaye."

Anasamba, n'kusintha malaya. Panjira ankatsika njinga kupereka moni kwa aliyense wachikulire. Ine ndinkatsogola, n'kumaima, n'kumadikira.

Titafika anatulutsa fomu. Inkafuna siginecha ya ahedi, ndipo ahedi anali pamsonkhano ndi makolo. Ndinakhala pabenchi panja pa ofesi, ndikuona a metironi akuyanika matiresi pa kapinga. Nthawi ndi nthawi ankatembenuka n'kundiyang'ana ngati paipiyo ndaboola ndine.

Ahedi atasaina, kabati inatsegulidwa, ine n'kudina batani la chopanira. Zii. Batire linali litatheratu, pakuti linakhala m'menemo chilowereni. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndipo jenereta inkafuna fomu yakeyake ya dizilo.

Ndinakumbuka kuti pamsewu pali wometa tsitsi amene ali ndi sola ndi invata. Ndinanyamula batire ndi chaja.

"Katundu wa sukulu satuluka pageti yekha," anatero bambo a kusitolo, akutseka kabati. "Tipitira limodzi."

Tinakhala m'kashopu kaja, ine ndi iwo, pakati pa tsitsi lometedwa. Wometayo anazimitsa wailesi ndi makina ake kuti mphamvu ikwanire, ndipo munthu amene ankamumeta anadikira ndi mutu wometedwa mbali imodzi. Kanyali kamodzi katayaka pa batire ndinati basi, kakwana.

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinakweranso m'denga. Madala anali atadula kale mbali yong'ambikayo, n'kupala m'mphepete mwa paipi bwinobwino, ngakhale sindinawapemphe. Ndinalowetsa cholumikizira, madzi akutsetserekera m'dzanja la ovolosi. Ndinadina. Chinalira, n'kusiya. Ndinapana mbali inayo. Ntchito yonse, yomwe inandidyera tsiku, inatha madala asanamalize kutsokomola.

M'malo mosangalala ndinakwiya kwambiri. Chidachi chikanakhala pafupi, anawo akanagona pouma, bambo aja akanamaliza mpunga wawo, ine sindikanayendera chigwa chonse ndi njala.

Madala anadutsitsa chala pansi pa cholumikiziracho, n'kuchiyang'ana pa tochi. Chinali chouma.

"Chagwira," anatero. "Koma m'katimu muli kalabala kotseka madzi. Kakadzatha mudzatani? Nanga zolumikizira zake zatsala zingati? Ku Zomba sindinazionepo."

Zinali zitatsala zinayi. Pansi pa makwerero bambo a kusitolo anali atatambasula kale manja, kudikira chida chawo.

Lolemba ndinalemba kalata yopempha kuti chopanira chizikhala kumalo athu ogwirira ntchito, ndipo valuvu ija isinthidwe. Yankho linabwera teremu yotsatira. Za valuvu sanatchule. Anati chopanira chikhalabe kusitolo, koma batire ndikhoza kumasunga ine kuti lizikhala ndi moto. Nditapita kukalitenga, bambo aja anawerenga kalatayo kawiri, n'kundipatsa batire lokha. Anati chaja sichinalembedwe.