Chikhomo Chofiira Kuseri kwa Nkhokwe Yanga

Lachiwiri la sabata yatha ndinamuchotsa sukulu mwana wanga ndi khasu. Inde, khasu lomweli lolimira. Musayambe kuseka, dikirani ndifotokoze.

Inu amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata mukundidziwa kale. Ndine uja ndinathamangira kuchipatala cha mishoni, mwana kumsana, ndikulira kuti chikuku chalowa m'nyumba, kukapezeka kuti ndi udzudzu unamuluma. Maso anga sapuma. Mphepo ikangogwedeza chitseko, ine m'mutu ndayamba kale kuitana abale kumaliro.

Tsono Lolemba, dzuwa lili paliwombo, ndikusinja chimanga pabwalo, ndinaona amuna atatu akubwera m'njira yochokera kumsewu waukulu. Mmodzi wavala kabudula wa khaki ndi chipewa, buku m'khwapa. Awiriwo akukoka unyolo wautali wachitsulo. Akakoka aima, akaima alemba, akalemba akokanso. Ndipo unyolowo ukulunjika kwanga.

Masiku ano a boma la Chitaganya, ukaona unyolo ukuyeza nthaka, umadziwa kuti munda uli pangozi. Ife tinachoka kwathu kum'mawa chifukwa minda inachepa, n'kudzapempha malo kuno ku Chongwe. Amuna anga amagwira ntchito ku Lusaka, amabwera pakutha pa mwezi. Ndinasiya munsi mumtondo, ndinatola wakhanda pamphasa, ndinalowa m'nyumba n'kutseka.

"Odi kuno!"

Ine zii.

"Odi, amayi. Taona munsi ukali kugwedezeka, muliko."

Ine ndamutseka pakamwa mwana ndi bere, diso langa lili pamng'alu wa chitseko.

"Basiyeni," anatero wachipewa uja. "Bazamva ku chalichi."

Kenako ndinamva kho, kho, kho. Atapita ndinatuluka monyang'ama. Kuseri kwa nkhokwe yanga, mbali yoyang'ana kwa mnansi wanga amake Tisa, anali atakhoma chikhomo cha mtengo chofika m'bondo, kumutu kwake atapaka zofiira.

Zofiira. Kuseri kwa nkhokwe. Anthu osawadziwa. Inu mukadaganiza chiyani?

Ine ndine mkhristu, ndimaimba nawo kwaya. Ndinafika Sitandade 3, makalata a amuna anga ndimawerenga ndekha. Koma ndinakulira kumudzi. Kwathu nyumba amaitsirika ndi zikhomo, ndipo aliyense amadziwa kuti dzanja lodziwa kutsirika limadziwanso kulodza. Ndiye kaya anafuna kulanda munda, kaya kutilodza, ine ndinakana zonse ziwiri.

Kachitidwe kake ndimakadziwa. Chinthu chotere sugwira ndi manja. Umachizula ndi khasu, umachinyamulira pakhasu pomwepo, n'kukachisiya pamphambano kuti mapazi a anthu odutsa amwaze tsoka lake, libwerere kumene linachokera. Padzenje umathirapo phulusa.

Lachiwiri m'mawa, mwana wanga woyamba Esinati atapita kusukulu, ndinachita zonsezi osaphonya kanthu. Mphambano yathu ili mbali imene anachokera amuna aja, mtunda woti ungaimbe nyimbo ziwiri. Nditafika ndinaganiza kuti ndikachigoneka pansi, mwana wa munthu achitola n'kukasonkhera moto. Taonani chifundo changa. Ndinachiimika n'kuchikhoma ndi msana wa khasu, mowongoka bwino kuposa mmene anachikhomera eni ake.

Lachinayi kunabwera kalaliki panjinga, nayenso buku m'khwapa. Ndinamuona ali kutali, ine ndili kuseri kwa nthochi. Anafika pamphambano, anatsika, anayang'ana chikhomo, analemba, anatembenuza njinga, ulendo. Kwanga sanapondeko. Ndinawomba m'manja ndekhandekha. Ndinati makolo sananame, tsoka labwereradi, mpaka labwerera panjinga. Tsiku limenelo ndinadya n'kukhuta.

Ndiye Lamulungu linafika.

Mapemphero atatha, mkulu wa mpingo anaimirira ndi pepala.

"Ni nkhani ya sukulu yatsopano ija amanga pafupi na msewu," anatero. "Izayamba na Sitandade 5 na 6, pambuyo pake Fomu 1. Malo ni ochepa, ndiye apima mamailosi atatu kuchoka pasukulu mbali zonse, akhoma zikhomo zofiira. Nyumba zili mkati mwa zikhomo, kalaliki walemba kale ana. Amene muli kunja, ana anu ayembekeze malo kusukulu yogonera, tsidya la Luangwa."

Pa mawu akuti zikhomo zofiira, benchi inayamba kundiwotcha.

Anayamba kuwerenga mayina. Esinati anali pambali panga, khosi atawongola. Mwanayu ali Sitandade 4, kalasi yomaliza pasukulu yathu ya mishoni. Amawerenga chilichonse, ngakhale zolembedwa pachitini cha palafini. Amati adzakhala namwino kuti azidzandiuza msanga kuti ichi ndi chikuku, ichi ndi udzudzu. Mayina anatha. Lake silinamveke.

"Amama, aniiwala?"

"Khala chete, tili mu chalichi."

Tsidya la Luangwa. Ndani sadziwa kuti kumeneko malo akapezeka amayamba ndi anyamata? Ndipo ngakhale akadapezeka, ine amene ndimakaima panjira mwana akachedwa pang'ono kuchitsime, ndingamukweze lole n'kumuwolotsa mtsinje wa ng'ona? Tisanamizane. Kunja kwa chikhomo kunali kutha kwa sukulu ya Esinati. Ndipo amene anamutulutsa si boma ayi, si mfiti ayi. Ndi amake omubala, ndi khasu.

Pobwerera, amake Tisa anandipeza m'njira. Mwana wawo Tisa ali kalasi imodzi ndi Esinati.

"Amake Esinati, ife nidziwa tili kunja, ninaona pamene anakhoma. Koma imwe munali mkati. Chikhomo chinamera miyendo?"

"Kapena ni mbuzi," ndinatero.

"Mbuzi yodziwa kukhoma? Nibwerekeniko, inimangire khola."

Ndinayamba kukonza mwana kumsana, ngakhale anali bwinobwino.

Uchitsiru ndauvomera, simuyenera kundilembera makalata ondikumbutsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula ndi njuchi zake zomwe. Anthu anagogoda, anati odi kawiri, ine ndili kalikiliki kuwawerenga mabatani a malaya pamng'alu.

Koma kodi ndine ndekha? Pamene anabwera otemera nthomba, ndi angati a ife tinabisa ana m'chimanga? Ndikukuonani, musayang'ane kumbali. Tinazolowera kuti munthu wa buku m'khwapa amabwera kudzatenga: msonkho, ng'ombe, munda, mwamuna. Tsiku limene wabwera kudzapatsa, tilibe nkhope yomulandirira nayo. Timatseka chitseko chomwechija.

Ndipo mundilole ndigaweko pang'ono manyaziwa, chifukwa ndekha andilemera. Akuti chidziwitso chinalipo. Chinali kuti? Pachitseko cha ofesi ku boma, m'Chingerezi. Ndani wa ife amayi amasiya mtondo n'kupita ku boma kukawerenga zitseko? Akutinso msonkhano unachitika. Unali wa amuna, pakati pa sabata, pamene amuna athu ambiri ali ku Lusaka ndi m'mafamu. Amene timadzutsa ana, kuwasambitsa, kuwamangira mbatata pakansalu, nkhani timaimva chikhomo chili kale m'nthaka. Kodi pakamwa pa munthu sipakadatsogola, unyolo n'kubwera pambuyo?

Unyolowonso ndili nawo mawu. Umayeza nthaka, suyeza mitu ya ana. Tisa pa masamu amamupitirira Esinati, ndikunena ndi mtima wowawa koma ndi zoona. Kuchoka pankhokwe yanga kufika pakhomo pawo ndi mapazi makumi anayi, ndinawerenga. Timatunga chitsime chimodzi, timapalana moto m'mawa. Unyolo unabwera n'kunena kuti uyu adzakhala namwino, uyo azisenda mtedza.

Lolemba masana ndinapita pamphambano. Ndinachizula chikhomo chija ndi manja anga, opanda khasu pakati. Sindinatupe, sindinagwe. Ndi mtengo chabe wopaka utoto, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kuulawa. Ndinachisenza pamutu mpaka kusukulu yatsopano, anthu m'njira akundipatsa moni wautali kuposa masiku onse.

Aphunzitsi aakulu ndinawapeza pakhonde, bambo wa imvi ndi magalasi. Ndinagwada.

"Amayi, mwasenza malire a boma?"

"Ni ine ninazula, aphunzitsi. Ninayesa ni mankhwala."

Anavula magalasi n'kuyamba kutsokomola. Anatsokomola nthawi yaitali. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa, ndi mmene amasekera munthu waulemu.

"Imwe nibwino mwabweza," anatero. "Chikhomo cha ku Chalimbana uko wina anaphikira nyemba. Mwana wanu ni ndani?"

"Esinati. Sitandade 4."

"Unyolo unabwerera ku boma, sitingapimenso. Tiyeni mukanionetse pamene chinali."

Tinanyamuka, ine patsogolo ndi chikhomo, iwo pambuyo akukankha njinga, buku lili pakaliyala. Njira yonse ndinkangodzifunsa. Nanga akapanda kundikhulupirira? Nanga akati mlandu uwu ndi wa ku boma? Ndinadziona ndili m'ndende, wakhanda akuyamwa kwa azakhali ake.

Titafika, amake Tisa anali pakhomo pawo, Tisa ali pambali akusenda mtedza m'lichero. Esinati anaima pakhomo pathu, chala pakamwa.

Kuseri kwa nkhokwe phulusa langa linali pomwepo, loyera, lozungulira ngati mwezi. Ndinaliona. Ine ndimaona zonse, mukudziwa. Ndinalowa m'khitchini kukatenga khasu lokhomera, ndinabwerera, ndinaliyang'ananso phulusalo. Koma mapazi sanaime. Ndinapitirira nkhokwe. Ndinapitirira nthochi. Ndinapitirira lichero la Tisa, ndinazungulira nyumba yawo, mpaka pamtengo wa mango uli kuseri.

"Panali apa," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a nkhuku yachitopa.

Aphunzitsi sananditsate. Anali chiimire pankhokwe yanga, akuyang'ana pansi. Anayang'ana phulusa. Anayang'ana ine. Anayang'ana Tisa. Ndinati basi, ndende ija yakwana.

Kenako anaponda paphulusa paja ndi nsapato, n'kupotokola ngati akuzima ndudu.

"Nsapato izi zinipweteka," anatero. "Mwati ni apo, amayi? Khomani."

Ndinakhoma. Iwo anatsegula buku, analemba mayina awiri, ndi inki.

Atapita, amake Tisa anabwera ndi mtedza m'mbale. Sanathokoze, sanalire. Anangoika mbale m'manja mwanga.

"Mukapatseko mbuzi ija," anatero.

Ndikadakonda nkhani ikadathera pamenepa, ine ndili ngwazi ndi mtedza m'manja. Koma pali china chimene maso angawa anaona, ndipo sakufuna kuchiiwala.

Pamene ndinkakhoma, ndinadzutsa mutu. Kupitirira mtengo wa mango kuli kadambo, ndipo tsidya lake kuli nyumba ina. Panjira yopita kumeneko panaima mtsikana ndi ndowa pamutu, Neliya, wa kalasi yomweyo. Amakhala benchi imodzi ndi Esinati ndi Tisa. Anali ataona zonse. Anangoyang'ana chikhomo, n'kuyang'ana nyumba ya kwawo, ngati nayenso akuwerenga mapazi.

Khasu linali m'manja mwanga. Ndinaweramitsa mutu n'kupitiriza kukhoma.

Kuyambira tsiku limenelo belu la njinga likalira kumsewu ndimadzidzimuka. Mwina ndalakwanso polemba zimenezi, ndiye mayina ndasintha, ndipo phulusa linapita ndi nsapato. Bodza langa ndikudziwa kumene ndikalitule. Koma inu amene mumakhala m'maofesi n'kutuma unyolo, ndithandizeni. Ndikudziwa kuti mabenchi ndi ochepa ndipo chikhomo chiyenera kuima penapake. Chikangoima kuseri kwa nyumba iliyonse, kumakhala nyumba ina kutsogolo kwake. Neliya amadutsa pakhomo panga m'mawa uliwonse popita kuchitsime, amandipatsa moni mwaulemu. Akadzandifunsa chifukwa chake ndinaima pamtengo wa mango, ndidzamuyankhe kuti chiyani?

Khasu ndawapatsa amake Tisa kuti andisungire. Sindikudzikhulupirira.