Choziziritsa oyilo cha ababa

Fungo la oyilo wotentha likandipeza pagalaja, ndimakumbukira ababa atagona chagada pansi pa pikapu yawo ku Lungwena. Ankamangirira choziziritsa oyilo kutsogolo kwa injini, mapaipi awiri akuda akulendewera. Popanda icho galimoto inkatentha n'kuima mumchenga, pomwe mlongo wanga wamng'ono, Asiyatu, ankafunika kufika kuchipatala kuboma. Thupi lake linali moto.

"Ababa, chimatani ichi?"

"Chimachotsa kutentha, mwananga."

"Ndiye mummangirenso Asiyatu."

Ababa anangopitiriza kulimbitsa nati yolimba kale.

Galimoto inayenda bwino, koma Asiyatu anamwalira tisanawoloke mlatho wa Shire. Lero ndine wamkulu kuposa mmene ababa analili tsikulo, ndipo choyankha mwana wopempha zotero inenso ndilibe.