Aneba Anga ndi Azakhali Asanu

Aneba anga kuno ku Area 23 ndi mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito. Anzawo amaswera pa bawo, koma iwo amapikisana pa intaneti ndi achinyamata a m'mayiko ena polemba mapulogalamu a kompyuta. Mafunso awo apamtima ndi aja oti: sanjani zinthu motsata malamulo awa, apo ayi nenani kuti n'zosatheka. Sathamangira laputopu. Amayamba ayala zitsekerero za mabotolo pakhonde, uku akudzilankhulira: "Yesa ziwiri, yesa zitatu, njira ioneka yokha." Ukasesapo asanamalize, wapalamula.

Pa chinkhoswe cha mwana wa mlamu wawo anawapatsa ntchito yosanja tebulo la akuluakulu. Mipando inali isanu ndi itatu mumzere umodzi, yokhalapo anthu atatu ofatsa ndi azakhali asanu omwe salankhulana chifukwa cha munda wa ku Ntcheu. Lamulo linali loti azakhaliwo asakhale moyandikana, kuopa kuti mwambo ungasanduke bwalo la milandu.

Anasuntha zitsekerero masiku awiri, kenako analengeza monyadira: "N'zosatheka. Anthu asanu amafunika owatchinga anayi, ife tili ndi atatu."

Akazi awo anangokoka mpando wina. "Wachinayi ndinu, bambo."

Mwambo wonse anakhala pakati pa azakhali awiri olusitsitsa, aliyense akuwanong'oneza kuti, "Muwauze awo." Pobwerera ndinawafunsa ngati njira ya akazi awo inagwira.

"Inagwira," anayankha akusisita makutu. "Kungoti zitsekerero sizitukwana."